Kagetsi kofiira kamene ndinakamata ndi tepi

Pa mzati wapakati wa galimoto yanga, pomwe chitseko cha dalaivala chimafikira chikatsekedwa, pali kabatani kakuda kovala kachipewa ka labala. Kukula kwake sikaposa nsonga ya chala chamkombaphala. Galimoto imeneyi ndayenda nayo zaka zisanu ndi ziwiri, phewa langa likukhudza mzati womwewo m'mawa ndi madzulo, koma kabatanika ndinakayang'anitsitsa koyamba mu Januwale 2025. Pamenepo n'kuti katandidyera kale batire, katandiyambanitsa ndi a pabanja la mlamu wanga, ndiponso mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kugwera pa phula pa zitunda za ku Chowe.

Galimotoyo ndi Toyota Corolla ya 1998, zija amakaniko amangoti 110, ya injini ya 5A. Inachoka ku Japan itayenda kale, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, njira yomwe magalimoto ambiri a m'misewu yathuyi anadzera. Ine ndine wachitatu kuigwira kuno ku Malawi, ndipo ndi imene imadyetsa banja langa. Ndimapikula usipa ndi utaka wouma ku Makawa ndi ku Malindi, nthawi zina mpaka mbali ya ku Makanjira, n'kukagulitsa ku Namwera, ku Liwonde ndi ku Balaka. Tsiku la msika chitseko cha dalaivala sichipuma: kutsika, kukwera, kutsikanso kukaona thumba, kukweranso. Zaka zoposa 25 za ntchito yotere zimalemba zizindikiro pa chitsulo chilichonse.

Matendawa anayamba pang'onopang'ono. Ndikawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukhotera msewu wa ku Malindi, galimoto ikangoyamba kudumpha m'zigwembe, kagetsi kofiira ka pa dashibodi, kaja kojambulidwa galimoto yotsegula zitseko, kankayamba kuphethira. Getsi la kudenga nalo linkati phethiphethi ngati chiphaniphani. Ndinkaima, kutsegula chitseko changa, kuchimenyetsa mwamphamvu, kagetsi zii. Ndikayenda makilomita angapo, kayambiranso. Kumenyetsa chitseko ndi chizolowezi chathu tonse kuno. Kwerani Sienta iliyonse yopita ku Monkey Bay, mumva kondakitala akuti, "Amayi, menyani kwambiri, sichinatseke!" Palibe amafunsa chifukwa chimene chitseko chopangidwa kuti chizitsekeka ndi dzanja limodzi chafikira pofuna kumenyedwa. Ine sindinafunsenso.

Kumapeto kwa 2024 mafuta anasowa m'dziko muno, ndipo Corolla inayamba kukhala masiku atatu, anayi osayenda. Kumene ndimakhala kulibe mpanda, ndiye ndimaisunga kwa mlamu wanga ku Mpondasi. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala ku Mangochi limang'amba dashibodi, choncho ndinkaifunda tenti yokhuthala mpaka m'mateyala. Tsiku lina uthenga unabwera m'mawa kuti thanki yatsitsa petulo m'tauni. Ndinathamanga, kuvundukula tenti, kupotokola kiyi. Kete, kete, kete. Anyamata awiri a kabaza anandikankha, inalira pa giya yachiwiri, koma pofika pa filing'i siteshoni mzere unali utafika kutali, ndipo ndinaopa kuzimitsa injini ngakhale kamodzi.

Mlandu ndinaupereka kwa batire. Linali litatha zaka zitatu, ndipo aliyense woyendetsa galimoto kunyanja kuno amadziwa kuti kutentha kumaumitsa madzi a m'batire msanga kusiyana ndi ku Dedza kapena ku Mzuzu. Ndinagula latsopano, NS40, pa mtengo woti ndinabwerera kunyumba osalankhula. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chinakwera mosayang'ana nkhope. Patatha milungu iwiri, batire latsopanolo nalo linagona. Wina anati ndi olitaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira. Tinayeza injini ikulira, mita inaonetsa kupitirira pang'ono 14 volts, kusonyeza kuti ikutchaja bwinobwino. Usiku alamu ya galimoto yochenjeza za akuba inayamba kulira yokha, pakati pa usiku, nthawi zina kawiri. Mlamu ankatuluka ndi tochi ndi chibonga osapeza munthu.

Apa ndi pamene ndimachita napo manyazi mpaka lero. Pakhomo pa mlamu pamagona anyamata awiri, mwana wake wamkulu ndi msuweni wake. Mumtima mwanga ndinagamula kuti anyamatawa apeza njira yotsegulira galimoto usiku, akumatchajiramo mafoni ndi kumvera wailesi. Ndinalankhula mawu amenewa pamaso pa makolo awo. Mlamu sanandiyankhe mwaukali, anangoti, "Alamu, ngati ndi choncho tiwafunsa." Koma kuyambira tsiku limenelo moni wa pakhomo paja unazizira. Chodabwitsa n'chakuti amene anadzatulukira chilungamo ndi mmodzi wa anyamata omwewo. Akudzuka m'bandakucha kupita ku mzikiti, kunja kudakali mdima, anaona kuwala kofooka kukutulukira pansi pa tenti, pamchenga. Anakweza tentiyo: zitseko zonse zokhoma, mkati mulibe munthu, getsi la kudenga lili ngwee.

Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Babu la kudenga kwa galimoto yanga linali la 8 watts. Pa batire la 12 volts, babu lotere limakoka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ampu imodzi. Likayaka usana ndi usiku wathunthu ladya 16 Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi osungidwa m'batire), pomwe batire la NS40 limasunga pafupifupi 35 Ah likakhala lodzaza. Usiku umodzi batire labwino limapirira, n'chifukwa chake nthawi imene ndinkayenda tsiku ndi tsiku sindinkazindikira kanthu: chimene babu ladya usiku, olitaneta inkabweza masana. Koma galimoto ikaima masiku atatu, sitata siipezanso mphamvu yotembenuzira injini. Komanso batire la galimoto silikonda kutheratu. Likaphwa kawiri katatu mpaka pansi, silibwereranso mwakale ngakhale mulitchaje motani. Batire langa lakale lija mwina linali ndi chaka china cha moyo.

Ndikanakonza pomwepo bwenzi nkhani ino ilibe zitunda za ku Chowe. Koma ndinachita zimene ambiri timachita. Getsi la kudenga lili ndi kaswitchi ka malo atatu, ON, OFF ndi DOOR, ndipo ndinakakankhira pa OFF. Mnyamata wina wa pagalaja anazula waya wa alamu. Kunatsala kagetsi kofiira ka pa dashibodi, kamene tsopano kankangoyaka pafupifupi ulendo wonse ndipo usiku kankandilasa m'maso. Ndinadula kachidutswa ka tepi yakuda, ndinamata pagalasi pamwamba pake. Mukakwera minibasi kapena takisi mawa, dzutsani maso kudenga. Mwambiri mupeza chibowo chopanda babu, ndipo pa dashibodi chithunzi cha mwana kapena kapepala ka mawu a Mulungu kataphimba kagetsi kena. Tazolowera kuti galimoto ikayamba kudandaula, timaitseka pakamwa.

Sabata yoyamba ya Januwale tinanyamuka kupita ku Namwera ku chinkhoswe cha mphwake wa mayi a kunyumba. Kutsogolo kunakhala iwo, kumbuyo apongozi anga aakazi ndi mwana wathu wa zaka zisanu, amene anakhala cha ku chitseko cha kumanzere. Tisanayambe kukwera phiri tinaima kugula mango, ndipo pokweranso mwanayo anadzitsekera yekha chitseko. Lamba wa kachikwama kake anapanika pa loko, chitseko chinangogunda osaluma. Ine sindinaone. Mvula inali itangokata, msewu ukunyezimira, ndipo maso anga anali pa lole yomwe inkatsika.

Amene anadutsapo pa Chowe akudziwa momwe msewu uja umapindikira ukukwera. Pa kona ina yokhotera kumanja, katundu yense m'galimoto anapendekera kumanzere, mwana naye anatsamira chitseko. Ndinangomva mphepo yalowa, phokoso la mateyala pamadzi likumveka ngati lili m'khutu, kenako mawu a apongozi: "Mayo ine, mwana!" Pagalasi ndinaona dzanja lawo litakola diresi ya mwanayo kumsana, mwendo wake umodzi uli panja. Ndinaponda buleki, kuimika m'mbali. Palibe analankhula. Mwana sanalire n'komwe, ankangoyang'ana phazi lake lopanda nsapato. Ndinatsika, kuyenda wapansi kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinaipeza nsapatoyo ili chagada pakati pa msewu, yofiira, kachingwe kake kali bwinobwino. Ndikuitola manja anga ankanjenjemera moti inandipulumuka kawiri.

Nditabwerera, apongozi anali atamukhazika mwanayo pamiyendo pawo, akumusisita mutu. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena motsitsa kuti, "Apongozi, tiyeni, Mulungu watisunga." Sanawonjezere liwu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandilemera kuposa kukalipa. Ndisanalize injini ndinakanda tepi ija ndi chikhadabo n'kuichotsa. Kagetsi kanali kakuyaka. Zolakwa zanga tsiku limenelo zinali zingapo: mwana sanamange lamba, ndipo kachitsulo kakang'ono ka m'mphepete mwa chitseko cha kumbuyo, kamene ukakatsitsa mwana sangatsegule chitseko ali mkati, ndinali ndisanakagwirepo chigulireni galimoto. Koma chimene chinandisowetsa tulo chinali chakuti galimoto inali ndi njira yondiuzira kuti chitseko sichinatseke, ndipo njirayo ndinaiphimba ndekha.

Lolemba lotsatira ndinapita kwa madala ena okonza zamagetsi a galimoto, amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Alibe chikwangwani. Zida zawo zimakwana m'kabokosi kamodzi kachitsulo: masipanala ochepa, sikuludiraiva, mita yakale yomangidwa ndi labala, ndi babu lolumikizidwa ku mawaya awiri. Nditafotokoza zonse, kuyambira batire mpaka nsapato, anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, pa zitseko zinayizi, chikunama ndi chiti?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Ndiye tiyeni tizifunse chimodzichimodzi."

Asanagwire chilichonse anandijambulira pamchenga ndi kamtengo. Magetsi amachoka ku batire, kudutsa pa fiyuzi, pa Toyota yolembedwa DOME, n'kufika pa babu. Kuti babu liyake, magetsiwo ayenera kupeza njira yobwerera ku batire, ndipo njirayo ndi chitsulo cha galimoto yenicheniyo, chimene amakaniko amati ethi. Kabatani ka pachitseko ntchito yake ndi kutsegula kapena kutseka njira yobwererayo. Mkati mwake muli kasipuling'i. Chitseko chikatseguka, kasipuling'i kamakankhira kabatani panja, tizitsulo tiwiri timakhudzana, waya wafika ku ethi kudzera pa bawuti yomwe yamanga switchiyo, babu layaka. Chitseko chikatsekedwa chimakanikiza kabatani mkati, tizitsulo talekana, babu lazima. Palibe kompyuta, palibe chinsinsi.

Kenako anajambula mizere inayi yokumana pa mzere umodzi, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa za ku Chowe. Maswitchi a zitseko zonse amathera ku kagetsi kamodzi komweko. Kagetsiko sikadziwa kuti mawu achokera ku chitseko chiti. Switchi imodzi ikamanena kuti "ndatseguka" nthawi zonse, zitatu zinazo kaya zinene zoona kaya zikhale chete, dalaivala amaona chimodzimodzi. "Mboni imodzi yabodza," anatero madalawo, "yaononga mlandu wonse." Switchi ya chitseko chimene mwana wanga anatsamira tinadzaipeza ili bwinobwino. Inagwira ntchito yake tsiku lija kuyambira pogulitsa mango mpaka pa kona.

Kafufuzidwe kawo n'koti aliyense angathe kuchita pakhomo pake. Anabwezera getsi la kudenga pa DOOR. Zitseko zitatu zili zotseka, ankatsegula chimodzi n'kukanikiza kabatani kake ndi chala chachikulu, maso ali kudenga. Pa chitseko changa, akakanikiza mpaka mkati getsi linkazima, akafewetsa chala pang'ono chabe linkayaka. Atatseka chitsekocho n'kuchikoka pa chogwirira chakunja osatsegula, getsi linaphethira. Apo anati switchi siinafe, koma chitseko sichikuikankha mokwanira. Anandionetsa nsonga ya kabatani: kachipewa ka labala kanabooka, pulasitiki ya mkati inadyeka mbali imodzi ngati chidendene cha nsapato yakale. Pachitseko, pamalo pomwe kabatani kamagunda, panali kadzenje konyezimira kopanda penti. Kabataniko kanali pamalire penipeni, moti mphepo ikagwedeza tenti usiku, zinali zokwanira kuyatsa babu ndi kudzutsa alamu, popeza alamu yoikidwa pambuyo imalumikizidwa ku waya womwewo wa zitseko.

Sanathere pamenepo. Anatsegula chitseko pang'ono, kuchigwira kunsi kumapeto kwake, n'kuchinyamula. Chinakwera n'kutsika, kho kho. "Mwamva? Mahinji atha. Chitseko chagwa, ndiye chikugunda kabatani cham'mbali, ndiponso n'chifukwa chake mumachimenyetsa." Anandilozera kachitsulo kopindika ka pamzati kamene loko amaluma, pamwamba pake patapalika mbee chifukwa cha kukhulana ndi chitseko chogwa. Zinthu zitatu zinali zikudyana: hinji yotha inkagwetsa chitseko, chitseko chogwa chinkafuna kumenyedwa, kumenyako kunkamaliza hinji ndi kabatani pamodzi.

Chitseko cha kumbuyo kumanja chinali ndi matenda osiyana. Chimenecho ukatsegula, getsi silinkayaka n'komwe, ndipo ine ndinali ndisanazindikirepo. Madala anamasula bawuti imodzi yomwe imagwira switchi, n'kuikoka pang'onopang'ono. Asanazule waya anachita chinthu chimene sindidzaiwala: anatulutsa kaulusi m'thumba, kumanga waya uja, mbali inayo n'kumangirira pa kachitsulo ka loko. Anati waya ameneyu ndi wamfupi, ukangomutaya amagwera m'kati mwa chitsulo cha galimoto, ndipo kumutulutsa kwake mpaka uchotse mapulasitiki a mkati, ntchito ya mphindi khumi isanduke ya tsiku. Atamanga, anagunditsa nsonga ya waya pa bawuti yopanda penti. Getsi ngwee. Kutanthauza kuti waya, fiyuzi ndi babu zonse zili moyo, vuto lili pa switchi kapena pa ethi yake.

Ataivula kachipewa, m'katimo munatuluka mchenga wa kunyanja ndi fumbi lofiira zitaumbana ngati dothi la chiswe. Tizitsulo tokhudzana tinali tobiriwira, bawuti ili ndi dzimbiri mpaka m'mizere yake. Chitseko chimenecho ndi chomwe ndimalowetsera matumba a nsomba, ndipo ndikamaliza ulendo anyamata otsuka magalimoto amakhuthulira ndowa zamadzi pamenepo kuti fungo lichoke. Labala ikang'ambika, madzi amalowa koma satuluka. Madala anapinda kachidutswa ka sandipepa yosalala, kukhula tizitsulo mpaka tinawala, kukhulanso pachitsulo cha galimoto pozungulira bowo la bawuti, n'kutsuka ndi sipiliti. Ndinawapatsa kabotolo ka oyilo wa injini kamene ndimayenda nako kuti adonthezemo, anakana. Anati oyilo ku Mangochi ndi ulimbo wa fumbi, pakatha mwezi switchi idzakhala yoipa kuposa kale. Anangopaka Vaseline pang'ono pa mizere ya bawuti kuti dzimbiri lichedwe kubwerera, ndipo pomanga sanalimbitse kwambiri, poopa kuthyola pulasitiki yokalamba.

Ndinawafunsa kuti zikanakhala bwanji getsi likanapanda kuzima ngakhale atakanikiza mabatani onse. Anati pamenepo umazula mawaya a maswitchi limodzilimodzi, ndipo pomwe getsi lazimira ndi pomwe pali wolakwa. Ukazula onse anayi koma getsi likuyakabe, ndiye kuti waya wasupuka penapake ndipo ukukhudza chitsulo, kawirikawiri pansi pa pulasitiki yopondapo polowa, kapena pomwe woika alamu anasenda waya n'kungokulunga tepi. Anandichenjezanso kuti si magalimoto onse ali ndi kabatani kooneka. Ena, makamaka a ku Ulaya monga Volkswagen Golf, switchi yake imakhala yobisika m'kati mwa loko, m'chitseko momwemo. Amenewo umayamba wayang'ana mawaya odutsa m'kapaipi ka labala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, chifukwa amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa ndipo amathyokera mkati chikopa chili chosang'ambika. Ife a Corolla yakale tili ndi mwayi: chilichonse chili poyera, bawuti imodzi.

Switchi ya chitseko changa inafunika ina. Pamene tinkaidikira, madala anadula kachidutswa ka patapata wakale, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, n'kukamata ndi guluu pa kadzenje ka pachitseko kaja kuti kabatani kazikankhidwa mokwanira. Ananena okha kuti ichi n'chongogwirizira, ndisachiyese mankhwala. Ndinatuma mnzanga woyendetsa minibasi ya ku Blantyre kuti akandifunire ku Ndirande, komwe zipangizo za magalimoto ophwasulidwa sizisowa. Anabwera ndi switchi yochotsedwa pa Corolla ina, kachipewa kake kali kathunthu, pamodzi ndi mahinji awiri. M'masitolo mumapezekanso zatsopano zotchipa, koma ine ndinasankha yakale ya ku Japan nditagwira zonse ziwiri m'manja: kasipuling'i ka yatsopanoyo kanali kofewa, labala yake yopyapyala yoti dzuwa lathu lingaiphule chaka chisanathe. Ndalama zonse za switchi, mahinji ndi ntchito ya madala sizinafike pa mtengo wa batire limene ndinagula pachabe lija.

Kusintha mahinji kunatenga m'mawa wonse, anthu atatu, wina atagwira chitseko pa jeke yoyalidwa thabwa. Madala analemba ndi pensulo mozungulira kachitsulo ka loko asanakamasule, kuti adziwe pomwe kanali, n'kukasuntha pang'ono kwambiri, kuyesa, kusunthanso, kuyesanso. Ine ndinayamba kutopa ndi dzuwa, iwo osafulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza anandiuza kuti nditseke ndi zala ziwiri. Chitseko chinangoti khu, mofatsa, phokoso limene ndinali nditaliiwala kuti galimoto yanga ili nalo.

Chomaliza anayeza ngati pali chinanso chikuba magetsi. Injini yozima, kiyi ali m'thumba, zitseko zonse zotseka, anamasula waya wa negetivu pa batire n'kulowetsa mita pakati, ataiika poyezera maampu. Anandiletsa kugwira kiyi nthawi imeneyo, chifukwa sitata imakoka mphamvu yoti mita ingapse pomwepo. Inaonetsa 0.02. Anati galimoto yakale ngati imeneyi ikagona, wotchi ndi wailesi zimanyambita pang'ono chotero, ndipo chilichonse chosapitirira 0.05 n'chosadetsa nkhawa. Anandiuza nditsegule chitseko chimodzi, nambala inalumpha kufika pafupi ndi 0.8. Ndinaona ndi maso anga chimene chinkachitika pansi pa tenti usiku wonse.

Babu la kudenga ndinaikamo la LED, limene limadya magetsi ochepa kwambiri ndipo limawala bwino. Likakana kuyaka poliika mungolitembenuza, chifukwa ambiri amayakira mbali imodzi. Koma ndikuwaona anzanga ena akuthamangira babu lotereli ngati njira yothawira kukonza switchi, poti batire silikuthanso msanga. Batire lapulumuka, inde, koma kagetsi ka pa dashibodi kakunamabe, ndipo kumbuyo kwakwera ana. Pamenepa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Chinanso chimene chinabwerera chokha ndi kabelu kolira ndikatsegula chitseko kiyi ali pa switchi ya injini. Kamadalira kabatani komweko ka chitseko cha dalaivala, ndipo kanali katayamba kulira mwa apo ndi apo mpaka ndinasiya kukamvera. Magalimoto ambiri amagwiritsanso kabatani kameneka pokuchenjeza kuti wasiya nyali zoyaka, ndipo ena a rimoti amakana kukhoma akamaona ngati chitseko chili chotsegula.

Madzulo a tsiku limene tinamaliza ndinapita ku Mpondasi ndi thumba laling'ono la utaka. Ndinapempha mlamu kuti aitane anyamata aja, ndipo ndinawapepesa pamaso pa makolo awo, pomwe ndinawanenera. Wamkuluyo anangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Palibe kanthu, amalume." Ndinamutengera ku galimoto, kumuonetsa kabatani kakale kodyeka kaja, kamene ndimakasungabe m'kabokosi ka kutsogolo. Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali, akukanikiza ndi kusiya, akumvetsera kasipuling'i.

Tsopano ndikamatsuka galimoto, madzi a ndowa safikanso pamizati. Ndimapukuta ndi kansalu konyowa, ndipo kamodzi pamwezi ndimazungulira zitseko zonse zinayi ndi chala chachikulu, maso kudenga. Tizitsulo totsekera ana ku zitseko zakumbuyo ndinatitsitsa tonse tiwiri. Mwana wanga anaphunzira yekha ntchito ina imene palibe anamupatsa. Akamanga lamba amasuzumira pakati pa mipando, kuyang'ana pa dashibodi. Sabata yatha tikunyamuka ku Makawa kutada, matumba a usipa ali m'buti, magetsi a m'mudzi atazima, ndinalowetsa giya ndipo anandigwira phewa.

"Ababa, dikirani. Kakuyaka."

Chinali chitseko cha mayi ake, nsonga ya chitenje itapanika kunsi. Anatsegula, getsi la kudenga linawaunikira, anakoka chitenjecho n'kutsekanso. Kagetsi kanazima, ndipo tinalowa mumsewu wopita ku Boma.